Denga limodzi, eni ambiri: phunziro la inshulansi ya nyumba za mdadada ndi katundu wa m'kati mwake

Malo ochitira malonda a m'mbali mwa msewu wa M1 m'boma lino la Ntcheu, monga pa Lizulu, pa mphambano ya Tsangano, pa Boma, pa Kampepuza ndi pa Manjawira, ali ndi mamangidwe ofanana. Nyumba imakhala imodzi, yaitali, ya zitseko zisanu kapena kuposerapo. Khomo loyamba pali golosale, lachiwiri pali telala ndi makina ake, lachitatu akugulitsa mbewu ndi feteleza, ndipo kuseri kuli zipinda zogonamo mabanja a lendi. Denga ndi limodzi. Mitanda yake imayenda kuchokera kumapeto kuno mpaka kumapeto uko, waya wa magetsi naye amatsata mitanda yomweyo, ndipo makoma olekanitsa zipinda kawirikawiri amalekezera m'munsi mwa malata, kusiya mpata pamwamba. Imeneyi ndiyo nyumba ya mdadada. Yatukula mabanja ambiri, pakuti khoma limodzi limatumikira anthu awiri ndipo njerwa ndi simenti zimapulumuka.

Chimene chimasokonekera ndi umwini. Midadada ina ndi ya munthu mmodzi amene amachititsa lendi. Ina idamangidwa molumikiza: wina adamanga zipinda ziwiri, mnzake n'kudzayamba zake pakhoma lomwelo. Inanso ndi chuma cha masiye, chimene ana adagawana zitseko makolo atamwalira, popanda pepala lililonse. M'masiku a mtendere zimenezi sizivuta munthu. Zimadzavuta usiku umene mbaula yasiyidwa ndi makala amoto m'chipinda chimodzi, kapena masana amene mphepo ya mkuntho yasasula denga lonse n'kukaliponya m'munda. Apo m'pamene mafunso amabuka. Denga akonza ndani? Makina a telala alipira ndani? Nanga amene moto udayambira kwake ali ndi ngongole yanji kwa anzake?

Vutoli ndi lakale. Mu Seputembala 1666 moto udabuka m'nyumba yophikira buledi mumsewu wa Pudding Lane ku London, ndipo poti nyumba zidali zogundana, udapsereza nyumba zoposa 13,000 m'masiku anayi. Patapita zaka pafupifupi 15, Nicholas Barbon ndi anzake adatsegula ofesi yolandira ndalama pang'ono kuchokera kwa eni nyumba ambiri, ndi lonjezo lothandiza aliyense amene nyumba yake idzapse. Maziko a inshulansi ya moto akadali omwewo: anthu ambiri amaponya pang'ono m'thumba limodzi chaka ndi chaka, ndipo ochepa amene tsoka lawagwera amatapa m'thumbamo molingana ndi mgwirizano umene adasaina.

Kuno ku Malawi ntchitoyi imagwiridwa ndi makampani monga NICO General, Britam, General Alliance, Reunion ndi United General Insurance. Onsewa amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions, udindo umene lamulo la Financial Services Act la 2010 lidapereka kwa Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Komabe anthu ambiri amangodziwa inshulansi ya galimoto, chifukwa apolisi a pamsewu amaifunsa. Ya nyumba palibe amene amaifunsa pa rodibuloko, choncho imaiwalika.

Zinthu zitatu pansi pa denga limodzi

Maso a munthu wamba amaona nyumba imodzi yapsa. Kampani ya inshulansi imaona zinthu zitatu zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi mgwirizano wakewake.

Choyamba ndi nyumba yeniyeniyo: maziko, makoma, mitanda, malata, zitseko, mawindo, mawaya a magetsi ndi mapaipi a madzi. Izi ndi za mwini nyumba, ndipo kawirikawiri ndiye amazilembetsa, chifukwa munthu saloledwa kulembetsa chinthu chimene sangaluze kanthu chikawonongeka. Apa mdadada wa eni ambiri umakhala pa vuto. Munthu amene ali ndi zipinda ziwiri pakati pa zisanu ndi chimodzi atha kulembetsa gawo lake lokha, koma gawo lakelo lili ndi makoma awiri ogawana ndi anzake, komanso denga limene silingakhomedwe pakati pokha kumbali kuli mabwinja. Kampani ikamulipira za zipinda zake ziwiri, anzake osalembetsawo akasowa ndalama zomangira, iye adzakhala ndi ndalama m'manja koma shopu yake idzachedwa kutsegulidwa. N'chifukwa chake nzeru yabwino n'kulembetsa mdadada wonse pa mgwirizano umodzi wokhala ndi mayina a eni onse, n'kugawana malipiro a pachaka molingana ndi kukula kwa gawo la aliyense.

Chachiwiri ndi katundu wa m'kati. Apa m'pamene anthu ambiri amanamizika. Wochita lendi akamva kuti eni nyumba adalembetsa inshulansi, mtima umakhala m'malo, poganiza kuti iyenso ali mu mthunzi womwewo. Sali momwemo. Inshulansi ya eni nyumba imamanganso khoma ndi kukhomanso denga. Sigula matilesi, sofa, wailesi, TV, firiji, njinga, mabulangete, mabuku a ana a sukulu kapena makina osokera a munthu wa lendi. Zimenezi amalembetsa ndi mwini katundu, ngakhale atakhala kuti nyumbayo si yake. Ngakhalenso mwini nyumba amene akukhala m'nyumba yakeyake ayenera kuonetsetsa kuti mgwirizano wake ukutchula katundu wa m'kati, pakuti kulembetsa makoma sikulembetsa mipando. Izi zimakhudza kwambiri amene adatenga ngongole ku banki n'kupereka nyumba ngati chikole. Banki imalamula kuti nyumbayo ikhale ndi inshulansi, koma cholinga chake n'kuteteza chikole chake. Katundu wa m'nyumba banki alibe naye ntchito.

Pali malire ena obisika m'kati mwa gawo lachiwirili. Katundu wa pakhomo ndi katundu wa malonda sizilowa pa mgwirizano umodzi popanda kutchulidwa. Mayi amene amasunga mabelo a kaunjika m'chipinda chogona, kapena bambo amene amaunjika matumba a nyemba, soya ndi nandolo pabalaza podikira kuti mitengo ikwere, sangayembekezere kuti inshulansi ya katundu wa pakhomo idzalipira zimenezo. Ndi katundu wa bizinesi, ndipo amalembedwa payekha. Katundu wotereyu amakwera ndi kutsika malinga ndi nyengo: chipinda chimene chili chopanda kanthu mu Febuluwale chimadzaza mpaka kudenga mu Juni ndi Julaye. Wolembetsa ayenera kutchula mtengo wa nyengo imene chipindacho chimadzaza, chifukwa moto susankha mwezi. Nazo zinthu zimene wochita lendi adawonjezera ndi ndalama zake, monga mashelefu, kauntala, matailosi, silingi kapena zitsulo za m'mawindo, zimakhala pakati: eni nyumba sadazilembetse poti sadazigule, wa lendi naye adaziiwala poti zamatirira kunyumba ya eni. Zikapanda kutchulidwa ndi dzina, zimapita pachabe.

Chachitatu ndi mlandu wa kwa anzako. Moto ukayamba chifukwa cha kusasamala kwa munthu mmodzi, monga kusiya kandulo pafupi ndi katani kapena kulumikiza magetsi mwachinyengo, amene aonongekeredwa katundu ali ndi ufulu wofuna chipukuta misozi kwa iye. Ngakhale kampani imene yalipira eni nyumba ili ndi ufulu wotsata wosasamalayo kuti abweze zimene iyo yalipira. Munthu wa chipinda chimodzi atha kupezeka ali ndi ngongole ya mdadada wonse. Migwirizano yambiri ya nyumba ndi ya katundu imakhala ndi ndime yoteteza munthu ku milandu yotere, ndipo ndi ndime yoyenera kufunsidwa ndi aliyense wogawana khoma ndi mnzake.

Mmene amachitira ku Joni

Ana ambiri a boma lino ali ku Johannesburg ndi mizinda ina ya ku South Africa, ndipo ena amakhala m'mafulati, nyumba zosanjikana zimene gawo lililonse lili ndi mwini wake. Kumeneko nkhani ya denga limodzi idakonzedwa ndi malamulo. Lamulo la Sectional Titles Act la 1986 lidaika malire a gawo la munthu pakatikati pa khoma, pakatikati pa simenti ya pansi ndi pakatikati pa silingi. Theka la khoma ndi lake, theka linalo ndi la mnzake kapena la onse. Denga, masitepe ndi bwalo ndi za onse. Lamulo lina la 2011 limakakamiza bungwe la eni mafulati kulembetsa nyumba yonse pa mtengo wokwanira kuimanganso, ndipo mtengowo uyenera kuwerengedwanso ndi katswiri pasanathe zaka zitatu zilizonse. Mwini fulati aliyense amasonkha mwezi ndi mwezi, ndipo gawo la zosonkhazo ndilo limalipira inshulansi. Koma ngakhale kumeneko, bungwe sililembetsa mipando, zovala kapena zipangizo za ntchito za munthu. Mmalawi wochita lendi mufulati ya ku Joni, amene wakhala zaka akusonkhanitsa katundu woti adzatumize kumudzi, alibe chitetezo chilichonse pa katunduyo pokhapokha atamulembetsa yekha.

Dziko lino nalo layamba kulowera komweko. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la Sectional Titles, lolola munthu kukhala ndi chikalata cha umwini wa gawo limodzi la nyumba yaikulu. Oyamba kupindula nalo ndi ogula mafulati ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Eni midadada ya pa Kasinje kapena pa Senzani sayenera kudikira kuti lamulo liwapeze. Chimene a ku Joni amachita mokakamizidwa, iwo angachichite mwa kugwirizana.

Mtengo wolembetsa

Cholakwa chofala kwambiri mwa amene adalembetsa kale n'kutchula mtengo wochepa, kaya pofuna kuchepetsa malipiro a pachaka kaya chifukwa chongoiwala kuukweza. Mtengo wofunika si umene nyumba idamangidwira, komanso si umene ingagulitsidwire. Ndi umene ungafunike lero kuti nyumbayo imangidwenso: simenti, malata, matabwa, misomali, mchenga, thiransipoti, amisiri, kuphatikizapo kuchotsa zogumuka. Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe dola imodzi ya ku America idachoka pa K1,180 n'kufika pafupifupi K1,700 m'mabanki. Zipangizo zomangira zidakwera motsatira. Mtengo umene udalembedwa mu 2021 n'kusiyidwa chomwecho sungamangenso nyumba yomweyo.

Chilango cha kutchula mtengo wochepa n'chowawa kuposa mmene ambiri amaganizira. M'migwirizano yambiri muli ndime imene makampani amaitcha average. Chitsanzo chongoyerekeza ndi ichi. Mdadada wofunika K40 miliyoni kuti umangidwenso walembetsedwa pa K20 miliyoni. Moto waononga zipinda ziwiri, ndipo zokonza zikufuna K10 miliyoni. Eni ake angaganize kuti poti K10 miliyoni ndi yochepa poyerekeza ndi K20 miliyoni imene adalembetsa, alandira yonse. Kampani idzawerengera mwina: adalembetsa theka la mtengo weniweni, choncho theka la ngozi iliyonse adalisenza okha. Adzalandira K5 miliyoni. Pa ndalama imeneyo padzachotsedwanso gawo lotchedwa excess, limene wolembetsa amavomera kudzilipirira yekha pa ngozi iliyonse. Ndime imeneyi si chinyengo, idalembedwa poyera. Vuto n'lakuti imalembedwa m'Chingerezi cha malamulo ndi zilembo zazing'ono, ndipo wogulitsa inshulansi amene ali pa changu saifotokoza. Wolembetsa ali ndi ufulu woumirira kuti amufotokozere m'Chichewa asanasaine.

Pa katundu wa m'nyumba pali funso linanso: kodi kampani idzalipira mtengo wa chinthu chatsopano, kapena idzachotsa za kutha kwa chinthucho? Firiji ya zaka zisanu ndi ziwiri ikalipiridwa monga yakale, ndalama yake singagule ina. Yankho lili mu mgwirizano, ndipo limasiyana.

Ngozi za kuno, ndi zimene sizilipiridwa

Mgwirizano wa moto wokha umateteza ku moto ndi mphezi, komanso kuphulika kwa mtundu wina. Mphepo ya mkuntho, madzi osefukira ndi chivomerezi nthawi zambiri zimawonjezedwa mochita kupempha, kapena zimapezeka mu mgwirizano wokulirapo. Boma la Ntcheu lili ndi zonsezi. Kumtunda, m'mapiri a Kirk Range, mphepo ya mvula zoyamba imasasula madenga a nyumba, masukulu ndi matchalitchi. Kumunsi, m'chigwa cha Bwanje ndi m'mbali mwa mitsinje monga Livulezi ndi Rivirivi, madzi amasefukira. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, amene adapha anthu mazanamazana ndi kugwetsa nyumba zosawerengeka m'chigawo cha kummwera, adaonetsa kuti madzi ndi matope zimatha kutenga nyumba ya njerwa zootcha monga zitengera ya zidina. Za chivomerezi ambiri saziganizira, komabe mng'alu wa pansi pa nthaka wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita oposa 100, umadutsa m'boma lino. Ku Salima chivomerezi chidagwetsa nyumba mu Malichi 1989, ndipo ku Karonga zidachitikanso mu Disembala 2009. Moto nawo ndi woopsa kwambiri kuno kuposa mumzinda, chifukwa mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, kumene makhonsolo ali ndi nthambi zozimitsa moto, ili pa mtunda woposa makilomita 100. Mdadada ukayaka, chodalira ndi zidebe ndi mchenga.

Zilipo zimene kampani silipira ngakhale munthu atalipira mokhulupirika chaka chilichonse. Chiswe chikadya mitanda, malata akachita dzimbiri, khoma likang'ambika chifukwa cha maziko osalimba, kumeneko n'kutha kwa nyumba, osati ngozi. Kuba kumalipiridwa pakakhala umboni wakuti akuba adathyola. Katundu wosowa chitseko chili chotsegula, kapena wotengedwa ndi munthu amene adapatsidwa makiyi, kawirikawiri salipiridwa. Ndalama zosungidwa m'nyumba zili ndi malire ochepa kwambiri kapena siziwerengedwa n'komwe. Kuonongeka kwa pa zipolowe, monga kuthyoledwa kwa mashopu kumene kudachitika m'madera ena pa zionetsero za 2019, kumafuna ndime yakeyake. Ndipo tikiti ya msika imene khonsolo imadula tsiku ndi tsiku ndi ya malo ogulitsira. Si inshulansi ya katundu wosiyidwa m'shedi usiku.

Choopsa kuposa zonsezi n'kubisa. Inshulansi imayenda pa chilungamo cha mbali zonse, ndipo wolembetsa ayenera kuulula chilichonse chimene chingakulitse ngozi, ngakhale asanafunsidwe. Ngati denga lina ndi la udzu, anene. Ngati khoma ndi la zidina, anene. Kampani ikhoza kukweza malipiro kapena kukana, koma ndi bwino kukanidwa tsiku lolembetsa kusiyana ndi tsiku lolira. Mu mdadada nkhaniyi imalemera, chifukwa zochita za khomo limodzi zimakhudza onse. Chipinda chimene chidalembedwa kuti ndi golosale chikasanduka malo owotcherera zitsulo, chigayo, malo okazingira tchipisi, kapena mosungira zigubu za petulo wa malonda a mseri m'nyengo ya kusowa kwa mafuta, kampani iyenera kudziwitsidwa. Ikapanda kudziwitsidwa, ili ndi chifukwa chokanira kulipira, ndipo oluza ndi eni onse, kuphatikizapo amene sadadziwe kuti kuseri kwa khoma lawo kuli petulo.

Tsiku la ngozi

Ngozi ikagwa, miyoyo ikapulumutsidwa, kampani idziwitsidwe msanga, chifukwa mgwirizano uliwonse uli ndi masiku ake operekera dandaulo. Lipoti la apolisi limafunika pa moto ndi pa kuba. Zopsa zisatayidwe ndipo zogumuka zisachotsedwe woyesa zoonongeka wa kampani asanafike, koma katundu wotsala asamalidwe kuti asaonongekenso ndi mvula kapena kutoledwa ndi anthu. Woyesayo adzafuna umboni wa chilichonse: malisiti, zithunzi, buku la malonda. Kukulitsa dala mtengo wa zoonongeka kungathetse dandaulo lonse, kuphatikizapo gawo loona. Munthu amene sakhutira ndi chigamulo cha kampani ayambe walembera kampaniyo. Akapanda kuthandizika, atha kukadandaula kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Njira imeneyi imatseguka kwa amene adalembetsa ku kampani, kapena kudzera mwa wothandizira, wokhala ndi chiphaso cha Registrar yemweyo, ndipo ali ndi lisiti ya malipiro ake. Wopereka ndalama kwa munthu woyenda ndi chikwama popanda kuona chiphaso ndi lisiti amadzitsekera yekha khomo.

Ena adzati zonsezi ndi za anthu a ndalama, ndipo mbali ina akunena zoona. Banja limene chakudya chikuperewera silingayambe ndi inshulansi ya nyumba, ndipo makampani nawo sadafike mokwanira kumidzi. Koma zimene anthu amadalira m'malo mwake zili ndi malire oyenera kudziwika. Thandizo la nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, lodzera ku khonsolo ndi makomiti a m'madera, ndi lopulumutsa moyo: chimanga, mapulasitiki ofolera, ziwiya. Silibweza makina osokera kapena mpamba wa golosale. Thumba la ngozi la banki m'khonde limathandiza membala mmodzi akagwa m'mavuto, koma mamembala ake kawirikawiri ndi oyandikana, ochita malonda mu mdadada womwewo. Moto umodzi ukhoza kugwetsa asanu nthawi imodzi, ndi kupserezanso bokosi la gululo ngati limasungidwa momwemo. Kampani ya inshulansi imatha kulipira chifukwa amene amaponya m'thumba lake ali ku Karonga, ku Mchinji, ku Nsanje ndi ku Ntcheu, ndipo sangapse onse tsiku limodzi.

Pali ntchito imene eni midadada angayambe popanda kutulutsa tambala, ndipo makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC pamodzi ndi makhansala angaithandizire pa misonkhano yawo. Eni onse akhale pansi pamaso pa mfumu kapena mboni zina, alembe kuti chitseko chilichonse ndi cha yani, denga ndi makoma ogawana adzakonza motani, ndi malonda ati amene saloledwa mu mdadadamo. Kampani ikadzafunsa umboni wa umwini, pepala limeneli lidzathandiza pamodzi ndi zikalata za malo. Eni nyumba auze a lendi momveka, tsiku lolowa, kuti katundu wawo sali pa inshulansi ya nyumba. Makoma olekanitsa zipinda akwezedwe mpaka akhudze malata, kuti moto usayende m'mitanda. Banja lililonse lilembe katundu wake m'kope, chipinda ndi chipinda, ndi mitengo yake ndi manambala a zipangizo za magetsi, n'kujambula zithunzi pa foni. Kope limenelo, malisiti ndi chikalata cha mgwirizano zisagone mu mdadada womwewo: zina zisungidwe kwa wachibale wa mudzi wina, zithunzi zitumizidwe pa WhatsApp kwa mwana kapena mlongo amene ali kutali.